Chikopa cha Ng'azi Sachiwamba

Ndili pachikamwini ku Ntaja, m'masiku a atsamunda, apongozi anga aamuna ankasema kaligo, choimbira cha nsambo imodzi. Pakamwa pa kaligoyo ankakungapo chikopa cha ng'azi chonyowa, n'kuchiumitsa pamthunzi masiku anayi.

Tsiku lina kunabwera abambo ena osaona amene ankadyera kuimba pamsika. Chikopa cha kaligo wawo chinali chitang'ambika. Ndinawamvera chisoni, ndiye titakunga chatsopano ndinati tingochiwamba pamoto kuti abwerere msanga.

"Iyayi, mkamwini," anatero apongozi. "Chowamba chilira mawa, mkuja chaphulika. Ndiye adzadya chiyani?"

Anawasunga pakhomo masiku onse anayi, akudya nafe. Chikopa chitauma, abambowo anakhwekhweza nsambo kamodzi, namvetsera mpaka kulira kutatheratu. Kenako anafunsa ndodo yawo kuti azipita. Kaligo ameneyo anawadyetsa mpaka ukalamba.