Tsiku Limene a Chipeso Anavula Wigi

Achemwali anga anatha zaka makumi awiri ndi zisanu akugwira mitu ya anthu. Saluni yathu inali kachipinda kamodzi pakati pa sitolo ya nsapato ndi malo okonzera mafoni. Munali mipando itatu, magalasi awiri, ndi choumitsira tsitsi chomwe chinkalira ngati galimoto yokana kukwera mtunda. Makasitomala ankawatchula kuti a Chipeso, chifukwa chipeso sichinkachoka kumutu kwawo. Ine ndine mng'ono wawo, ndipo ngakhale ndinali kale ndi chidzukulu, ankanditchulabe kuti "mwana iwe".

Pakamwa pawo panali posabisa mawu. Mayi akabwera ndi chithunzi cha sitayilo yomwe akufuna, iwo ankachiyang'ana n'kunena kuti, "Tsitsili ndikwanitsa, koma nkhopeyi mukaisake nokha." Anthu ankaseka mpaka misozi, mwezi wotsatira n'kubweranso.

Khansa ya m'mawere inawapeza ali ndi zaka makumi asanu ndi ziwiri. Mankhwala a m'diripi anayoyola tsitsi lawo lonse pa masabata atatu okha. Anadzisokera wigi yofanana ndendende ndi tsitsi lawo lakale, ndipo amene tinkadziwa tinali awiri, ine ndi alamu anga, amuna awo. Lachinayi lililonse, popita kuchipatala, achemwali ankauza makasitomala kuti akupita kukaoda katundu.

"Wokonza tsitsi wopanda tsitsi, angakhale pampando wake ndani?" ankatero.

Kuchipatalako ndi kumene anayamba kuonera mafilimu a anthu odwala khansa pa foni yawo. Sankalira nawo ayi, ankawakalipira. "Mwana iwe, tamuona uyu. Akuti akumwalira, koma milomo ili psuu, nsidze zonse zilipo!"

Patatha chaka, dokotala anatiuza kuti matenda afika m'mafupa, ndipo chatsala ndi kuchepetsa ululu basi. Mwezi womwewo kusaluni kunabwera bambo wina wotsogolera filimu. Anati akujambula nkhani ya mphunzitsi wodwala khansa, ndipo akufuna munthu wokonza tsitsi la osewera kwa masiku khumi. Ine ndinayamba kukana, koma achemwali anandiponda phazi.

"Tibwera, bambo. Tiuzeni nthawi."

Ankajambulira m'nyumba ina yamasitepe, mawaya ali mbwee pansi. Wosewera wamkulu anali mayi wamtali watsitsi lofika m'mapewa, ndipo anamuveka kachipewa kamphira kuti azioneka ngati wadazi. Tsiku lachitatu anafika pamene mphunzitsi uja wangochokera kuchipatala, n'kukhazika ana ake pansi ndi kuwalankhula mawu ataliatali okhudza moyo. Achemwali anali pakampando m'ngodya. Anamvetsera kawiri, kachitatu anaimika mkono ngati mwana wasukulu.

"Pepani bambo, analemba mawuwa ndani?"

"Ndine, mayi," anayankha wotsogolera uja.

"Mwalemba bwino ndithu. Koma munthu wochokera kudiripi salankhula ngati ali pamsonkhano. Amafuna beseni likhale pafupi. Amadandaula kuti tiyi akumveka ngati wanyambita supuni. Ana akayamba kulira, ndiye amene amawatonthoza, kwinaku akufunitsitsa atangogona."

"Inu mukudziwa bwanji zimenezi?"

Achemwali anazula chipeso, anavula wigi ija, n'kuiika pabondo. Onse anatembenukira kwa iwo. Wa kamera anatsitsa maso. Chinsinsi chomwe tinachisunga chaka chathunthu chinali pambalambanda.

"Musandiyang'ane ngati mwaona mzukwa," anatero. "Mutu wangawu ukuposa kachipewa kanuko."

Woyamba kuseka anali wosewera uja, kenako kuseka kuja kunasanduka kulira. M'mawa mwake tinamupeza atatidikirira pakhomo pa saluni.

"Amayi, ndimeteni," anatero.

"Mwanawe, tsitsi lonseli? Amuna ako akudziwa?"

"Akaona ndikafika."

Manja a achemwali anali atayamba kunjenjemera masiku amenewo, koma makina ometera anakana kundipatsa. Anamumeta okha pang'onopang'ono, akupumira pakati, akumuuza mmene mphepo imazizirira pamutu wopanda kanthu. Masiku otsalawo anamuphunzitsa kukwera masitepe atagwira khoma, kukhala pampando moyamba ndi dzanja, ndi kumwetulira alendo uku akuwerenga mumtima kuti achoka liti. Wotsogolera anang'amba masamba angapo. M'malo mwa mawu ataliatali aja, mphunzitsi anangofunsa ana ake ngati anachapa yunifolomu, n'kugona tulo asanamve yankho.

Wigi ija sanaivalenso. Makasitomala ena anawakalipira chifukwa chowabisira, ena analira, koma palibe anasiya kubwera. Amayi awiri, aliyense payekha, anawakokera pambali n'kuwanong'oneza za kachotupa komwe anali kukaopa. Achemwali anawalamula kuti apite kuchipatala sabata lomwelo, ndipo mmodzi anachita kumuperekeza.

Filimu inatha kukonzedwa patapita miyezi inayi, achemwali atasiya kudzuka pabedi. Masana ena wotsogolera ndi wosewera uja anabwera nayo kunyumba pa laputopu. Alamu anaiika pa pilo, ife tonse titapanikizana m'mphepete mwa bedi. Achemwali anaonera, pakati anagonako, atadzuka n'kutiuza kuti tibwezere pomwe anasiyira. Itatha, alamu anatuluka kuti akaone ketulo, chonsecho pamoto panalibe ketulo.

"Mwaiona bwanji, mayi?" anafunsa wotsogolera, akupotokola chipewa chake.

"Bola," anatero achemwali. "Koma mphunzitsi wanuyu wamwalira mwachangu. Enafe timachedwa, mpaka otidwazika kutopa."

"Sitinatope," ndinatero.

"Bodza, mwana iwe. Koma zikomo."

Anakodola wosewera uja kuti awerame, n'kumusisita kumutu komwe tsitsi linali litayamba kumera.

"Likakula, uzipita kwa mng'ono wangayu. Ndi wochedwa, koma sanawotchepo munthu khutu."

Anamwalira patatha masiku khumi ndi limodzi, m'mawa, alamu akuwawenga zikhadabo. Saluni ndinaitseka masabata awiri. Nditatsegula, kasitomala woyamba anali wosewera uja, ngakhale tsitsi lake linali lisanafike pogwirika. Ndinangomutsuka, n'kumupaka mafuta. Mpaka lero amabwera mwezi ndi mwezi, ndipo ulendo wathawu anabwera ndi amayi ake kuti nawonso ndiwakonze tsitsi.