Hatchi ya Bambo

Sitiroko itawagwira bambo, pakamwa panatsekeka, dzanja lamanja linafa. Chinawatsalira ndi chesi basi, imene anaphunzira kwa ansembe ku Kachebere, komwe anagwira ntchito yophika zaka zambiri. Akaona bolodi, maso ankawala. Koma wosewera nawo panalibe, kupatula ine mwana wawo wamkazi, wogulitsa zitenje paboda, wosadziwa n'komwe hatchi ya pabolodipo imalowera.

Ndinkaluza ndisanakhazikike n'komwe pamkeka. Kusuntha kanayi, kasanu, kwatha. Bambo ankakankha bolodi n'kutembenukira kukhoma, ndipo tsiku limenelo chakudya sankachikhudza. Ankaonda ine ndikuona. Ndinkachita mantha kuti adzafa chifukwa cha umbuli wanga.

Paboda panali dalaivala wina wa thiraki wa ku Zambia, mapepala ake atachedwa, ankasewera chesi pafoni pansi pa galimoto. Manyazi ndinawasiya pabenchi, ndinakamugwadira. Anandiseka kaye, kenako anajambula bolodi pakatoni. Anati ndiziyamba ndi msilikali wa patsogolo pa mfumu, ndigwire pakati, nditulutse mahatchi ndi mabishopu, mfumu ndiibise pakona, ndipo mfumukazi ndisamathamange nayo ngati wozembetsa katundu. Ndinkabwereza zimenezi m'minibasi mpaka anthu kumandicheukira.

Zinathandiza ndithu, ndinayamba kufika patali. Koma bambo ankakwiyabe, mwinanso kuposa kale. Dalaivala uja atadutsanso sabata inayo, anandifunsa kuti ndimawadyera zingati. Ndinati palibe. Ine kulanda chinthu cha bambo anga iwo akuona? Kwathu mwana wamkazi satero, ngakhale chikho amalandira atagwada. Mpata wodya ukapezeka ndinkangoulambalala.

"Asisi, mukuwanyoza madala," anatero. "Akuona ngati mwawayesa maliro kale."

Mawu amenewo anandilasa. Lamlungu masana, titabwera kutchalitchi, ndinayala bolodi pakhonde. Msilikali, hatchi, bishopu, mfumu pakona, zonse mwadongosolo. Posakhalitsa bambo anasiya hatchi yawo poyera. Ndinati uwu ndi msampha. Ndinaidya, n'kudikira kuti andikhaulitse. Ndinkafunitsitsa atandikhaulitsa, Mulungu akudziwa. Koma palibe chinachitika. Ndinadya bishopu, kenako mfumukazi imene. Msampha panalibe. Mutu wa bambo sunkazigwiranso zinthuzi, ndipo ulemu wanga uja ndi umene unkatibisira tonse awiri.

Anayang'ana bolodi nthawi yaitali, msozi ukutsika mbali yakufayo. Ndinamva chisoni choti sindingachifotokoze. Ndinatenga mfumukazi kuti ndiibweze, ndikupepesa, koma anandigwira mkono n'kupukusa mutu.

Kenako anayamba kuyalanso ndi dzanja lamanzere, pang'onopang'ono. Hatchi anaiika pamalo pa bishopu, mfumu kumapeto kwenikweni, asilikali awiri pamzere wakumbuyo. Atamaliza anandiyang'ana, kudikira.

Ndinayala zanga chimodzimodzi, tinayamba kusewera.