Chipewa cha mng'ono wanga pamaliro

Lero ku Jenda ndagula chipewa chamlaza, ndipo fungo lake landibwezera kwathu ku Manyamula. Mng'ono wanga wachialubino anali nacho chotere, chotambalala ngati lichero. Amayi ankamuletsa kuchivula padzuwa.

Tsiku lina tinali pamaliro a amalume. Ulaliki utayamba, amuna onse anavula zipewa, kupatula iye. Anthu atayamba kutiyang'ana, ndinachita manyazi.

"Vula iwe, ukutinyozetsa," ndinamunong'oneza.

Anavula, n'kuchigwira pachifuwa mpaka mwambo wonse unatha. Dzuwa linali paliwombo, pomwe tinakhalapo panalibe mthunzi.

Madzulo amayi akumudzoza mafuta m'khosi momwe munatuluka matuza, anamufunsa, "Wakuvula chipewa ndani?"

Mng'ono wangayo anandiyang'ana pang'ono, kenako anazolika.

"Ndavula ndekha, amama."