Khofi wa Nakaonga

Esnat Nakaonga wa ku Misuku analera ana ake ndi khofi amene malemu mwamuna wake anadzala. Chaka china alimi a m'kalabu yawo anafuna kuchotsa tcheyamani. Wowatsogolera, Macdonald Simbeye, ankakuwa pamisonkhano kuti aliyense wokana zimenezi ndi wakuba.

Povota, aliyense ankaima kumbuyo kwa munthu amene akumufuna. Nakaonga anaima yekha kumbuyo kwa tcheyamaniyo, poti ndiye ananyamula mwamuna wake pamachira kutsika naye phiri atadwala.

Pokwiya nazo, anthu a m'kalabumo anabwera ndi zikwanje n'kudula khofi yense wa Nakaonga. Kalabuyo sinakhalitse, inatha ndi mikangano.

Lero Nakaonga amagwira ganyu yothyola khofi m'minda ya anthu omwewo. Iwo amamulonjera bwinobwino, ngati zikwanje zija zinabwera zokha.