Dontho la Pansi pa Phiko

Zipani zitangochuluka kumene, ine ndinali makaniko pa esiteti ina ya fodya kufupi ndi Madisi. Zanga zinali mathirakitala ndi injini yopopa madzi. Mwini esiteti anali ndi kandege kake ka mipando inayi, kamene kankatera pa bwalo la udzu kuseri kwa zigafa, koma ine ndinali ndisanakagwirepo.

Tsiku lina m'nyengo yotentha, tili kalikiliki kugaula minda mvula isanagwe, woyendetsa ndegeyo anandiitanitsa. Anali bambo wa imvi, wosakonda zolankhula. Ndinapita monyinyirika, msana ukuwawa, ndipo ndinawapeza atagwada pansi pa phiko lakumanzere.

"Amisiri, tanunkhizani apa," anatero.

Fungo la mafuta linali lamphamvu. Kunsi kwa phiko kunali mzere wabuluu, poti mafuta a ndege amawathira mtundu, ndipo dothi linali litanyowa.

Tinayamba kukayikira kavavu kotulutsira madzi m'thanki ya mafuta ya m'phikomo, chifukwa dontho linkagwera pomwepo. Tinakamanga, tinapukuta, n'kudikira. Dontho linabweranso. Ndinakwera pa diramu kukaona chotsekera cha pamwamba, chitsulo chikundiwotcha m'manja. Chinali bwinobwino. Tinatsegula ku injini, tinatsatira mapaipi onse ndi zala. Konse kunali kouma. Dzuwa linafika pamutu tisanapeze kanthu, m'maso muli thukuta lokhalokha.

Bwana anabwera ndi chikwama, akuthamangira msonkhano ku Lilongwe.

"Kadontho kameneka? Sitingafike nako?"

"Mwina tingafike, bwana," anayankha mkuluyo, "koma ine sindinyamuka ndisanadziwe kumene kakuchokera."

Bwana anang'ung'udza, nakwera galimoto.

Kenaka mkulu uja anandifunsa ngati kwathu kuli khanda. Ndinati lilipo. Anandituma paudala wake. Mayi a kunyumba anandipatsa akundiyang'ana ngati ndazungulira mutu. Tinapukutanso phiko lonse, tinalipaka paudalayo mpaka kuyera, ndipo tinakhala pansi mumthunzi wake.

Podikirapo m'pamene anamasuka. Anati kwawo n'kumapiri a ku Ntchisi. Anathawa m'nthawi ya chipani chimodzi, nakhala zaka zambiri akuyendetsa ndege m'mayiko oyandikana nafe. Chibwerereni anali asanapondeko kumudzi.

"Ndimauona ndili m'mwamba," anatero. "Amayi anatisiya ine ndili kunja. Ndikafika ndikanena chiyani?"

Ndinangotola kaudzu n'kumatafuna.

Titadzuka, paudala uja anali atatiuza. Mzere wonyowa sunayambire pa kavavu ayi. Unkachokera pamene phiko limalumikizana ndi thupi la ndege, n'kumatsetsereka. Tinamasula kachivundikiro ka pamenepo. Paipi ya labala inali itauma n'kung'aluka pansi pa chomangira, mng'alu wochepa ngati wa chikhadabo. Palibe anasangalala. Tinangoyang'anana, otopa.

"Ndili nayo yofanana ya thirakitala," ndinatero.

"Zikomo, amisiri, koma ayi. Tidikira yakeyake."

Anatsekera mafuta otsalawo m'diramu, natumiza uthenga ku Lilongwe. Paipiyo inachedwa. Mkuluyo ankangokhala pakhonde la sitolo ya esiteti, kuyang'ana kumapiri. Tsiku lina ndinawauza kuti lole yathu ikupita ku Ntchisi kukatenga nkhuni za zigafa. M'mawa mwake ndinawaona atakhala kutsogolo ndi dalaivala, atavala jekete ngakhale kunkatentha.

Anabwerako patapita masiku, nsapato zili fumbi, atanyamula kathumba ka mtedza. Anati nyumba ya amayi awo inagwa kalekale, pamalopo anthu analimapo chimanga. Anapeza mlongo wawo. Mayiyo analira, kenaka anawakalipira kwa nthawi yaitali, kenaka anawatengera kumanda.

"Zatheka," anatero.

Paipi itafika tinaiika limodzi, iwo akumanga, ine ndikuwapatsira zipangizo. Tinadzaza thanki, tinadikira mpaka dzuwa kupendeka. Panali pouma. Anandigwira chanza ndi manja awiri, nandiuza kuti tsiku lina adzandikweza ndikaone dera lathu lonse la Bowe ndili kumwamba.

Chaka chotsatira fodya sanagulidwe bwino, ndipo bwana anagulitsa ndegeyo. Mkulu uja anapita nayo kwa mwini wake watsopano. Bwalo la udzu lija ndinalamulidwa kuligaula, ndipo tinadzalapo mtedza.