Kompyuta ya amayi ndi kansalu koluka

Amayi anga sakhulupirira kuti chinthu chabwino chingakhale pamtetete. M'nyumba yawo ya ku Kabwata, ija anatisiyira malemu bambo, chilichonse chili ndi chovala chake. Mipando ili ndi tinsalu toluka, tebulo lili ndi kake, wailesi ili ndi kake. Amaluka okha, ndipo amaluka bwino, zimenezo sindingawamane. Amati fumbi la mu Lusaka limalowa ngakhale pakhomo potseka.

Ana awo tilipo awiri: ine woyamba, wamkazi, ndi mlongo wanga amene ndinamubereka kumsana ali khanda. Iye amakhala ku Kabulonga, kuseri kwa mpanda wautali, ndipo kuti umuone uyenera kuyamba wadzifotokoza kwa mlonda. Ine ndimachita lendi ku Chelstone, ndimakonza makompyuta m'kashopu kena m'tauni. Matenda othamanga magazi akawavuta amayi, wokwera nawo basi kupita kuchipatala ndine. Koma mlongo wangayo amayi amamutchula kuti "atate", ine ndine "iwe".

Tsiku lina ndinawapeza amayi pakhomo pa aneba, mitu itagundana pa kafoni, akuonera kwaya ya ku Chipata. Ankachita kutsinzinira, maso anali atayamba kale kuwakana. Pobwerera ndinaganiza zowapangira kakompyuta kakang'ono kolumikiza ku TV yakale ya bambo, imene ankakana kuitaya, kuti makwaya ndi maulaliki aziwakoka pa intaneti n'kumaonera pagalasi lalikulu.

Sindinagule chopangidwa kale. Chidutswa chilichonse ndinasankha ndekha, ndikuzungulira mashopu a m'tauni ndi a ku Kamwala nthawi ya nkhomaliro, anzanga akudya. Ndinakana bokosi lalikulu chifukwa pa kabati ya amayi panalibe malo. Ndinakananso lokhala ndi fani yoziziritsa, poti amayi phokoso laling'onong'ono limawadwalitsa mutu. Ndinatenga kabokosi kachitsulo kofanana ndi theka la buledi, kokhala ndi timabowo pamwamba totulutsira kutentha. Ndinakakonza kuti kakangoyaka kaziwonetsa zithunzi zikuluzikulu, ndipo mabatani osafunika a pa rimoti ndinawamata ndi tepi, kuti chala chawo chisasochere.

Ndisaname, sindinkafuna kwaya yokha. Ndinkafuna kuti kamodzi kokha amayi amve mawu anga ngati mawu a munthu wodziwa chimene akunena. Ndakula ndi njala imeneyo, ndipo ndinkaganiza kuti kabokosi aka kandithetsera.

Tsiku limene ndinakalumikiza anasangalala zenizeni. Anaimba motsatira kwaya, anavina pang'ono atagwira m'chiuno. Ndisanachoke ndinawagwira dzanja n'kuliika pamwamba pa kabokosiko.

"Amama, mwamvela kupya? Aka kapumila apa. Osafakapo nyula yanu yoluka, kazafa."

"Namvela, iwe," anatero, maso ali pa TV.

Loweruka lotsatira ndinapeza kabokosi kavala. Anali atakalukira kansalu kakekake, koyera, kochindikala, kokhala ndi maluwa ofiira m'mphepete, kofika mpaka pansi. Nditakagwira, chitsulo chinanditentha dzanja. Ndinachotsa kansaluko n'kufotokozanso. Amayi anandiyang'ana monga amayang'anira mkazi wolowa m'tchalitchi atavala buluku.

"Chintu cha bwino chinkale chintako, chosavala? Ba chigwilizano bakabwela bazati bwanji? Ine ninayamba kusunga nyumba iwe ukalibe kubadwa. Wamkulu sauzidwa."

Zinakhala choncho miyezi yonse ya mphepo. Ine kuchotsa, iwo kubwezera ndikangotuluka pageti. Ndinapempha, ndinanyengerera, ndinakalipa, ndinafika powaonetsa pa TV pomwepo nambala ya kutentha ikukwera. Mulungu andikhululukire, koma kunali kuyimbira mbuzi gitala. Amayi a chigwirizano ankabwera ndithu Lachinayi, atavala zoyera zawo, kudzaonera makwaya. Ndinamva ndi makutu anga wina akufunsa kumene anagula kachipangizoko. Amayi anayankha kuti, "Ni uyu chabe, atola-tola vidunswa ku nchito kwake." Ndinali kukhitchini ndikuwathirira tiyi, ndipo mtima unandiwawa.

Kenako kunabwera dzuwa la Okutobala, lija limasungunula phula mumsewu. Amayi anandiimbira foni ndili kuntchito kuti chinthu changa chakana. Nditafika, m'chipinda munali kafungo ka pulasitiki wopserera, kansalu kali pamalo pake, kachita chikasu pakati. Ndinatsegula kabokosiko pa tebulo. Munalibe chokonza.

Mlongo wanga anatulukira madzulo ake, atamva kuti amayi alibe choonera. Anaimika galimoto modutsa pakhomo pa aneba, nalowa akuzunguza makiyi. Anayang'ana zidutswa zili pa tebulo n'kuseka.

"Ba sisi, muli shani? Ivi vintu vanu va mu tauni vizashoka nyumba na moto. Sembe munaniuza chabe."

Ndinayembekeza kuti amayi anene za kansalu. Ndinawayang'ana, iwo n'kumakonza mpando woti atate akhalepo. Ndinafuna kuyankha, koma ndinadziwa kuti ndikatsegula pakamwa patuluka zoti sindidzatha kuzibweza. Ndinalongedza zidutswa zanga m'jumbo, ndinatsanzika.

Sabata isanathe, anyamata a kushopu ina yaikulu anabweretsa TV yatsopano, yotambalala ngati chitseko, yolowa yokha pa intaneti. TV ya bambo, imene ine ndinalephera ngakhale kuisuntha pa kabati, inapita kuchipinda chogona popanda mkangano. Sindikunyoza mphatso ya mlongo wanga. Ndi TV yabwino, amayi amaona bwino, ndipo chimenecho ndicho chofunika. Rimoti yake ili ndi mabatani ambirimbiri, choncho akasochera woimbiridwa foni ndine, wokwera mabasi awiri kukawabwezera kwaya yawo ndinenso.

Ulendo wina wotero ndinawapeza ali ndi mnzawo wa chigwirizano. Ndinaona chinthu chimene sindinachionepo m'nyumba imeneyo chibadwire: TV ili mbulanda, kafumbi katayala pamwamba pake. Mnzawoyo anachionanso. Anatenga kansalu ka pampando kuti aphimbe, koma amayi anadzuka msangamsanga, mawondo owawawo ataiwalika, n'kumugwira mkono.

"Iyayi, osafakapo! Atate banakana. Bakuti vintu va malaiti vifunika kupuma, ukavivininkila vimapya mukati."

Mlongo wanga anali atawauza kamodzi kokha, pa foni. Amayi anabwezera kansalu pampando, nakasalaza bwinobwino. Kenaka anatembenukira kwa ine, nkhope ili ngwee, mokoma mtima ndithu, monga munthu wogawira mnzake nzeru imene wangoitola.

"Iwe, pakuti ugwila nchito ya vamene ivi, uziuzako bantu. Unali kuziba kuti vimapuma?"

Rimoti inali m'manja mwanga. Ndinawapezera kwaya yawo, ndinakweza mawu, ndipo ndinawayankha kuti ayi, amama, sindinali kudziwa.