Sindinapereke Dzina la Wogula Nandolo

Ndinkaphunzitsa makompyuta pa sekondale ina kumunsi kwa phiri la Michesi, ndipo ana akaweruka ndinkatsala m'kalasi kulemba khodi, malamulo amene amayendetsa mapulogalamu a pakompyuta. Netiweki ya kwathu kuno imabwera n'kuchoka mmene yafunira, choncho ndinapanga chida chothandiza anthu olemba mapulogalamu. Pulogalamu yomangidwa ndi chida changacho imasunga zolembedwa m'foni netiweki ikachoka, n'kuzitumiza ikabwerera. Ndinachiika poyera pa intaneti kuti aliyense achitenge mwaulere, aone mkati mwake, achisinthe ngati akufuna. Patapita nthawi tinakhala anthu atatu ochisamalira: ine, mnzanga wa ku Lilongwe, ndi mayi wina amene amakhala kunja kwa dziko lino. Sitinaonanepo maso ndi maso.

Lachinayi lina masana kunafika bambo wachikulire pa njinga, atavala kofia yoyera. Anatsamiritsa njinga pa mtengo wa mango, n'kudikira mpaka nditatuluka. Chichewa chawo chinali chokoka ngati cha amalume anga, cha munthu amene kunyumba amayankhula Chilomwe. Anati ndi wogula nandolo ndi mpunga, ndipo alimi amene amawagula amawalemba m'pulogalamu ya kampani ina ya ku Blantyre.

"M'pulogalamumo analemba kuti anagwiritsa ntchito chida chanu," anatero. "Nditafufuza ndinaona kuti mwini wake ndi mphunzitsi wa konkuno. Ndabwera kudzakuonetsani chinthu."

Anatulutsa foni. Anasintha nambala imodzi pamalo pamene pulogalamu imapempha mndandanda wa alimi, ndipo panatuluka mayina amene sanawalembe iwo: alimi a ogula ena, nambala zawo za foni, nambala za ziphaso zawo. Anasinthanso, panatuluka ena. Ndinangoona kamodzi, ndinadziwa kuti bowo lotulukira zinsinsizi lili m'khodi yanga. Chida changa sichinkafunsa ngati wopemphayo ndi mwini wa zimene akupempha. Manja anga anazizira.

"Mwauza ndani?" ndinafunsa.

"Ndinalembera kampani, koma sindinaike dzina langa. Anandiyankha kuti ndathyola pakhomo pawo, ndidziulule, apo ayi apita kupolisi. Ine sindinabe kanthu, aphunzitsi. Alimi amenewa ndimapemphera nawo mzikiti umodzi, ena ndi apongozi anga."

Ndinawathokoza, n'kuwalonjeza kuti dzina lawo silituluka pakamwa panga.

Tsiku lomwelo ndinalembera kampaniyo kuti vuto ndi la chida changa, ndipo ndikulikonza. Mmawa wake bwana wawo anandiimbira ndili pakati pa phunziro. Ndinatuluka panja. Anayankhula mwaulemu poyamba. Anati ndikonze mwakachetechete, ndisalengeze paliponse, chifukwa nkhani ikamveka alimi awathawa. Kenako anati ndiwapatse dzina la munthu uja.

"Dzina simulipeza kwa ine," ndinatero.

"Madamu, mukuteteza wakuba."

"Wakuba akanakhala chete n'kumakolola. Ameneyu wapalasa njinga kudzatichenjeza. Ndipo chidachi simugwiritsa ntchito inu nokha. Ndikakonza osanena, ena onse apitiriza ndi chakale chobookacho osadziwa."

Anati aonana ndi maloya awo. Ndinati aonane nawo, n'kubwerera m'kalasi. Phunziro ndinalimaliza.

Chimene chinandipweteka kwambiri n'chakuti bambo uja analibe poti akagogode. Tinaika khodi poyera, koma sitinalembe paliponse kuti wopeza bowo achite chiyani. Loweruka ndinakhala pakhonde ndi laputopu, n'kulemba ndondomeko yake. Ndinalemba kuti wopeza bowo atiuze mwachinsinsi pa imelo yapadera, asalembe pagulu. Timuyankha pasanathe masiku atatu. Tikakonza tiyamba tauza ogwiritsa ntchito chidacho kuti atenge chatsopano, kenako tilengeza poyera chimene chinalakwika, ngakhale wolakwitsayo akhale ine. Munthu wobwera ndi mtima wabwino, amene sanatenge kapena kuwononga za ena, sitimuopseza ndipo dzina lake sitilipereka kwa wina aliyense popanda chilolezo chake. Pomaliza ndinawonjezera kuti munthu atha kutilembera m'Chingerezi, m'Chichewa kapena m'Chilomwe.

Anzanga awiri aja sanavomere zonse. Mnzanga wa ku Lilongwe anati kampaniyo ndiyo yokha yaikulu imene imatidalira, tisaipsetse mtima. Mayi wa kunja anagwirizana nane pa zolengeza, koma anati za zinenero ndichotse, chifukwa iwo sangawerenge uthenga wa m'Chilomwe.

Ndinawayankha kuti ndiziwamasulira ine. Ndinawakumbutsanso kuti tonse atatu, ndi masukulu athu, tinayang'ana khodi imeneyi kwa nthawi yaitali osaona kanthu, ndipo amene anaona ndi munthu woyeza nandolo pa sikelo. Kwa mnzanga wa ku Lilongwe ndinati ngati akufuna chida chobisa zilema zake, atenge khodi apange chake, chilolezo chilipo. Patatha masiku awiri anatumiza mawu amodzi okha: chabwino.

Tinatseka bowolo, tinauza onse amene tinkawadziwa kuti amagwiritsa ntchito chidacho, kuphatikizapo kampani ija, ndipo nthawi imene tinawapatsa itatha tinalengeza, ine n'kupepesa kwa alimi m'chilengezomo. Kampaniyo inatumiza kalata kusukulu yonena kuti ndawononga mbiri yawo, ngakhale sindinaitchule paliponse. Ahedi, amene anali ochokera ku Mzimba ndipo sankakonda phokoso, anandiitana ku ofesi. Anawerenga kalatayo kawiri.

"Simungangopepesa kuti zithe?" anafunsa.

"Ndapepesa kale kwa alimi, chifukwa ndi amene ndinawalakwira. Awa sindiwapepesa."

Anaika kalatayo m'dirowa. Anangoti ndisamayankhe mafoni pa nthawi ya phunziro.

Maloya sanabwere. Kampaniyo inasiya kutilembera, ndipo ndinamva kuti inalemba anthu ake kuti aipangire chida china. Mnzanga wa ku Lilongwe anandikwiyira kwa miyezi ingapo, ndipo sindimuimba mlandu.

Ndinapita kumsika kukafunsa bambo uja ngati akufuna kuti tiwonjezere dzina lawo m'chilengezo chathu chija. Ndinawapeza akukangana ndi mlimi pa za nandolo wosauma bwino. Atamaliza anapukuta manja, n'kuganiza pang'ono.

"Mungolemba kuti wogula nandolo wa ku Phalombe," anatero. "Abwana aja adziwe kuti tilipo ambiri."

Ndinalemba momwemo.